Pasipoti Yanga Inasowa Lachiwili

Pasipoti yanga inasowa Lachiwili m'mawa. Basi yathu inali ya Lachinayi.

Ndiyambe ndafotokoza za ulendowo, chifukwa kuno ku Petauke si ambili amene anaumvetsa. Mkulu wanga Karen amagwila nchito m'sitima ya pamadzi, zija zazikulu zonyamula anthu opita kutchuthi. Amayala mabedi ndi kukonza zipinda. Nditakhoza Giledi 12, anatipezela chipinda chotchipa ine ndi amai, pa ulendo wonyamuka ku Durban, kuyenda m'mbali mwa Mozambique ndi kubwelela. Chathu chinali kukafika ku Durban pa basi. Ine madzi aakulu amene ndinali nditawaonapo anali a Luangwa, pa mlatho, ndipo tsikulo ndinatsinzina.

Karen ankatumiza malangizo pa foni, mauthenga a mawu, akapeza netiweki padoko. Ndinkawamvela mobwelezabweleza mpaka ndinawaloweza. Tifike ku Durban sitima isanayandikile kunyamuka, tikagone konko, chifukwa sitima siyembekeza munthu ngakhale basi itaphulika tayala. Chipinda chathu chili pansi chapakati, pomwe sipagwedezeka kwambili, koma tigulebe mapilisi a chizungulile. Chakudya n'chaulele, zakumwa za m'mabotolo ayi. Ayiloni ndi ketulo amalanda pachipata, amai asavutike nazo. Data tizimitse tikangochoka padoko. Ndipo panali uthenga umene anaunena motsindika: "Mapasipoti musaike m'sutikesi. Masutikesi amawatenga pachipata, mudzawaonanso madzulo pakhomo la chipinda. Ikani m'kachikwama ka m'manja."

Ndinachita zomwezo. Kachikwamako kanali pa msomali kuseli kwa chitseko cha chipinda chathu. Lachiwili ndinakatsegula kuti ndiikemo mapilisi aja. Munali pasipoti imodzi, ya amai.

*

Mfuu ya amai ndi imene inabweletsa a Sajeni Sampa. Ndi wapolisi, mai wa chiBemba wa ku Kasama, amachita lendi nyumba yoyandikana ndi yathu. Tsikulo sanali pa nchito, anali kuchapa, ndipo analowa thovu lili m'manja.

"Wafa ndani, amake Karen?"

"Atibela, a Sajeni! Anyamata aja ogulitsa mapasipoti kwa anthu a mathilaki! Ndinanena ine kuti windo ili..."

"Khalani pansi."

Anapukuta manja pa chitenje n'kuyamba kuyang'ana. Windo linali ndi zitsulo zake zonse. Sutikesi inali pansi pa bedi, loko ali chikhomele, fumbi lapamwamba losakhudzidwa. Makina osokela a amai anali pamalo pake. Anakhuthulila kachikwama pa bedi: pasipoti ya amai, mankhwala a BP, mpango, ndi envelopu ya ndalama za malandi zimene Karen anatumiza.

"Wakuba wamtundu wanji uyu, wosankha ngati ali pa mulu wa zovala za salaula?" anatelo. "Ndalama wasiya. Pasipoti ya amai wasiya. Iwe Goodness, unaiona liti komaliza?"

"Pa Sondo masana." Mawu anga anatuluka aang'ono. Ndimatelo ndi anthu a yunifolomu, ngakhale atavala chitenje.

"Kweza mawu, sindine ahedi."

"Pa Sondo. Lillian anafuna kuona chithunzi. Nditamuonetsa ndinaibweza."

"Lillian ndani?"

"Mnzanga wa kusukulu. Amaluka tsitsi pa msika."

"Munthu wofuna pasipoti amayambila sutikesi," anatelo a Sajeni. "Uyu sanaikhudze. Anapita pa msomali. Ndani ankadziwa kuti zili m'kachikwama?"

Amai anayang'ana pansi. Pa Sondo, titaweluka ku chalichi, anali atatsegula mauthenga onse a Karen pa sipika kuti alendo amve mawu a mwana wao. Alendowo anali awili: Lillian, ndi amalume a Josphat, alongo ao a amai, amene amalima thonje ku Ndake.

"Achimwene ayi," anatelo amai msanga. "Anaseka nafe tsiku lonse. Anati sitima imeneyo ikamila tiwasiyile makina osokela. Ananyamuka madzulo omwewo, akuti thonje likufuna kupopela mvula isanabwelenso."

"Analowa kuchipinda?"

"Anakasintha malaya a ku chalichi. Ndi kwao kuno, a Sajeni."

"Nanga Lolemba munali kuti?"

"Pakhonde pano, kusoka mayunifolomu. Sanalowe munthu."

A Sajeni anatola envelopu ya malandi n'kuipeleka kwa amai. "Bisani izi. Wakuba wanu safuna chuma. Akufuna kuti mwana uyu asapite." Anandiyang'ana. "Vala nsapato."

*

Ndinali nditamuweluza kale Lillian tisanafike pa msika. Iye sanakhoze masamu, ndipo chiyambileni nkhani ya sitima ankanditcha "madamu a ku Durban". M'njila yonse ndinkakonza mawu oti ndimuuze, ndikudziwa kuti sindiwanena.

Tinamupeza akuluka mutu wa mai wina, chipeso chili m'kamwa. Anachilavula m'dzanja ataona a Sajeni.

"Ine nibe pasipoti? Niyende nayo kuti, ku Sinda?"

"Unaigwila pa Sondo."

"Ninaigwila, ninaseka, ninabweza. Mwachiona chithunzi chija? Maso ngati amugwila na nkhuku ya eni." Anakoka tsitsi mpaka mai uja anadandaula. "Pepani anti. Goodness, ndiwe wabwela nao apolisi kwa ine? Iwe?"

Ndinayang'ana mawigi opachikidwa pa khoma.

"Unachoka nthawi yanji pa nyumba paja?" anafunsa a Sajeni.

"Mvula isanayambe. Amake ananipelekeza mpaka pa mpopi, muwafunse. Ninasiya amalume ake akali kumwa tiyi na kunama za ng'ona za m'nyanja."

"Kuchipinda unalowa?"

"Na Goodness. Tinatuluka pamodzi. Ine ningamuchitile nsanje, ee, sinikana. Koma ninamuuza anibweletsele mafuta onunkhila a m'sitima. Manje nimubele pasipoti kuti mafuta abwele na ndani?"

Mai wolukidwa uja anaseka. A Sajeni sanaseke, koma ndinaona kuti afika kale pakhomo m'maganizo mwao.

"Mufunse amalume ake," anaonjeza Lillian, chipeso chikubwelela m'tsitsi. "Kapena anaona china. Mailo m'mawa anali mommuno."

A Sajeni anaima. "Mailo Lolemba? Anapita ku Ndake pa Sondo."

"Ndiye njinga yao inabwela yokha. Njinga yamoto ya mpando womanga na mphila, ya madigadi ofiila, ilipo ina mu Petauke? Inali paja pa kashopu ka Eddie. Ninawapatsa moni, anachita ngati akuyang'ana foni."

*

Kashopu ka Eddie kali kuseli kwa msika, pakati pa ogulitsa fetelaiza ndi wokonza mawailesi. Amachita fotokope, amajambula zithunzi za makadi, amatchaja mafoni. Aliyense wa kuno anapitako ndi pepala lina lake. Satifiketi yanga ya Giledi 9 anaimata ndi iye m'pulasitiki, pa makina aja otentha. Kuno pepala lofunika silikhala losamata. Nyumba zimadontha, chiswe sichisankha.

Eddie amalankhula mofulumila, ngati kondakitala.

"A Sajeni, mwaswela bwanji, fotokope yanu ya tsiku lija inatuluka bwino? Magetsi lelo alipo, mwachita mwayi."

"A Josphat a ku Ndake anabwela pano mailo."

"Anthu amabwela ambili, amai. Kasitoma ni kasitoma."

"Sindinafunse za ambili."

Eddie anasuntha mafoni awili amene sanafunike kusuntha. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso kumbali. Ndinadziwa pomwepo kuti nkhope yanga anali ataiona posachedwa, koma osati pa ine.

"Anabwela na kabuku," anatelo. "Ati ni ka mwipwa wao, ayenda pa madzi. Ati nikamate kasanyowe."

"Ndiye?"

"Ndiye... ninamata. Tsamba la chithunzi chabe. Makina yanga ni yabwino, amai, koma pepala ija si pepala wamba, ili na kapulasitiki kake kale. Inatupa pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

Eddie anayang'ana makina ake.

A Sajeni anatulutsa ndalama m'thumba. "Goodness, kagule chimanga chootcha paja pa ngodya. Usankhe chanthete. Usafulumile."

Ndinapita. Ndili pa mbaula ndinkawaona pa kawindo. A Sajeni anali chiimile osagwedezeka. Manja a Eddie ndi amene ankauluka, kuloza makina, kuloza khomo, kudzigwila pachifuwa. A Sajeni atatuluka analandila chimanga n'kuluma.

"Kaitane amai ako atseke makina," anatelo. "Tikupita ku Ndake."

*

Tinakwela minibasi ya ku Nyimba, tinatsikila m'njila, kwinako tinayenda pansi m'matope. Ine ndinkaganiza za chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi kulemba: pansi pa mantha onse panali kampumulo. Ndinkaopa sitimayo. Ndinkaopa matebulo a mafoloko ambili, ndi azungu ondifunsa mafunso, ndi madzi opanda tsidya. Kampumuloko sikanakhalitse, koma kanalipo.

Amalume tinawapeza m'munda, chopopela chili kumsana, nsalu itamangidwa pamphuno. Ndi munthu wamfupi, wanthabwala, amene pamalilo amamuika pafupi ndi moto kuti anthu asagone. Atationa anatsitsa nsalu ija n'kuseka.

"Mlongo, wabwela ndi mBemba? Mukananena, tikanabisa anyani athu!"

"Anyani anu ndi oonda," anayankha a Sajeni. "Ine ndabwela kudzaona odya mbeba, ndimve ngati mchila umatsamwitsa."

Anaseka onse awili. ABemba ndi ife a kum'mawa timatukwanana chotelo, ndi chimbuya, palibe amakwiya. Ndinazindikila pambuyo pake kuti a Sajeni anasiya dala yunifolomu kunyumba. Wapolisi amalume akanamuyankha mochenjela. Mbuya wao sakanamuthawa.

"Pasipoti ya mwana ili kuti, mbuya?"

"Aa! Mwandionongela!" Anaomba m'manja. "Ndimafuna ndibwele nayo mailo Lachitatu, ndimupatse pamaso pa amake." Anapita pa kamsasa ka m'mphepete mwa munda, n'kubwela ndi jekete. M'thumba lamkati anatulutsa pasipoti yanga n'kundipatsa ndi manja awili. "Khadi langa la ubatizo ndinamata. Chitupa ndinamata. Satifiketi ya Karen ndinakamatitsa ndine. Nanga buku lopita pa nyanja likhale lamaliseche? Lomba ngakhale ligwele m'madzi, litumphuka."

Ndinaitsegula. Sinkatsekekanso bwino. Tsamba la chithunzi linali lolimba ngati chivundikilo cha ndowa. Nkhope yanga inali itatupa mbali imodzi, ndipo mizele iwili ya zilembo ya m'munsi inali itasungunuka ngati inki ya pa thumba lonyowa.

A Sajeni anaijambula pa foni n'kutumiza kwa mnzao wogwila nchito pa boda. Yankho silinachedwe. Anandionetsa. Linali lalifupi: imeneyo yafa, akapemphe ina.

Amai anakhala pansi pa mzele wa thonje. "Achimwene, mwatipha."

"Yafa bwanji?" Amalume anatsegula maso. "Ine ndimati ndikuthandiza! Mulungu akuona, ine sukulu yanga ndi ya thonje. Ndikanadziwa bwanji?"

Ndinawakhulupilila. Ndinafuna kutelo. Zinali zopepuka kukhala ndi amalume olakwitsa kuposa amalume akuba, ndipo kulakwitsa kwake kunali kwa kwathu ndithu, koti aliyense pa msika akanaseka n'kunena kuti nayenso akanachita. Ndinatsala pang'ono kunena kuti palibe kanthu.

"Mbuya," anatelo a Sajeni, akuchotsa njele ya chimanga m'mano, "m'kachikwama muja munali mabuku awili. La alongo anu madzi salidziwa?"

"Ndinali ndi changu."

"Changu chogona m'tauni mpaka Lolemba, mutatsanzika kuti mukupita kumunda?"

"Mvula inanditsekeleza."

"Eddie akuti anakana. Akuti anakuuzani kuti pasipoti samata, ikamatidwa pa boda sadutsa nayo. Inu munafunsa kuti, 'Sadutsa ndithu?' Iye anati sadutsa. Inu munati, 'Mata.'" Anataya chitsononkho m'munda. "Mukanaiponya m'chimbudzi mukanakhala wakuba. Mwasankha kukhala chitsilu, chifukwa chitsilu amachikhululukila. Nzelu zimenezo si za mbeba, mbuya. Ndakupatsani ulemu."

Amalume anamasula malamba a chopopela n'kuchitsitsa pansi pang'onopang'ono. Popanda nthabwala nkhope yao inali ya munthu wina, wokalamba.

"Ulendo uwu ndinaumva kwa ndani, mlongo?" anafunsa amai. "Nena. Ndinaumva kwa mnyamata wogulitsa mankhwala a thonje. Akuti, 'A Josphat, mwipwa wanu akukwela sitima, mwamugulila chiyani?' Ine n'kuseka ngati ndikudziwa. Ku chalichi kwanu analengeza. Pa msika akudziwa. Mwini mbumba ndiye womaliza."

"Ndimati ndikuuzeni pa Sondo paja..."

"Pa Sondo unanditsegulila sipika, pamodzi ndi kamtsikana koluka tsitsi. Kumeneko ndiye kulawila? Karen anapita chimodzimodzi. Ndinamva ali kale ku Lusaka. Atate ao atamwalila, ana awa anawanyamula ndani? Akadwala amaitana ndani? Wina akafela kumadziko, adzafunsa ine kuti mwana munamuloleza bwanji. Ndidzati ndinamva kwa wogulitsa mankhwala?"

"Mukanakana," anatelo amai motsitsa. "Ndicho chifukwa chake."

"Kapena ndikanakana. Kapena ndikanavomela. Sunandipatse mpata woti ndidziwe." Anandiyang'ana koyamba chiyambile. "Karen anati chaka chimodzi. Wabwela? Uyu akakaona magetsi a m'sitima, abwelela kudzatani kuno?"

Kutali kunkagunda mvula.

A Sajeni anandikokela pambali pang'ono, koma analankhula moti onse amve. "Goodness, uli ndi zaka zokwana. Buku ili ndi lako, ndiponso ndi katundu wa boma. Kuliononga dala ndi mlandu. Ukafuna, mailo m'mawa titsegula doketi ku polisi. Ukapanda kufuna, ine lelo ndinali kuchapa. Wosankha si amai ako, si ine."

"Yatsopano singatuluke Lachinayi lisanafike?" ndinafunsa.

"Singatuluke."

Ndinadziwa kale. Ndinangofuna wina anene.

Onse atatu ankandiyang'ana, ndipo ine sindikonda kuyang'anidwa. Ku sukulu ndinkadziwa mayankho koma dzanja silinkakwela. Ndinayang'ana nkhope yotupa ija m'dzanja langa. Kampumulo kaja ndinakafunafuna, sikanalipo. Ndinapeza kuti ndinkafuna kupita. Ndinkafuna kuona Karen atavala yunifolomu yake, ndi kudwala chizungulile, ndi kulakwitsa foloko.

Ndinapita pamene panali amalume. Ndinagwada m'matope momwemo, monga amachitila munthu polawila akulu, n'kuomba m'manja.

"Amalume."

"Mwipwa."

"Ndabwela kukuuzani. Amai anyamuka Lachinayi, akaone Karen. Ine sabata yamawa ndikupita ku Chipata kukapempha pasipoti ina. Akandifunsa kuti iyi inaonongeka bwanji, mudzakhala mutaima pambali panga, muwauze ndinu. Ikatuluka, sitima ikadzabwelanso chaka chamawa, ndidzapita." Ulendo uno mawu anga ankamveka. "Amai sakudziwa zimenezi. Karen sakudziwa. Mwayamba kumva ndinu."

"Ukupempha kapena ukundiuza?"

"Ndikulawila."

Amalume anayang'ana amai, anayang'ana thonje lao.

"Ndamva," anatelo.

"Ine sindipita ndekha," anayamba amai. "Ndikatani ine m'sitima popanda..."

"Mupita," ndinatelo, ndikali chogwada. Sindinawalankhulepo chotelo. Anatseka pakamwa.

"Doketi?" anafunsa a Sajeni.

"Ayi. Koma akapanda kubwela ku Chipata, ndidzakupezani."

"Wamva, mbuya? Ndidzabwela ndi yunifolomu."

Amalume sanabweze nthabwala.

*

Karen nditamuuza analila, kenako anatukwana, kenako anati dzina langa alichotsa ndipo amai akawachingamila yekha pachipata. Za chaka chamawa anati ayesa, sangalonjeze. Zipinda zotchipa sizipezeka nthawi zonse.

Lachinayi ndinawapelekeza amai ku siteshoni. Anakhala pawindo, atavala dilesi limene anasokela ulendowu. Langa, la nsalu yomweyo, linatsala pa hang'ala. Kondakitala anafunsa ngati mpando wa pambali pao uli ndi munthu. Amai anayang'ana ine. Ine ndinati ulibe.

Anakhalapo bambo wina wopita ku Lusaka, atanyamula batile ya galimoto pamiyendo. Basi itatuluka ndinapita kwa Lillian kukapepesa. Anandiuza kuti ndikhale pansi, tsitsi langa likuchititsa manyazi.